Kusula zida m'magemu: pomwe pathera luso ndi pomwe payambira juga

M'makwalala a ku Kawale, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25 mumzinda wa Lilongwe, si zachilendo kuona achinyamata ataunjikana m'kachipinda momwe muli kanema ndi makina a PlayStation. Amalipira kangachepe n'kusewera mpira wamiyendo kapena nkhonya kwa mphindi zingapo, ndipo wogonja amapereka mpata kwa mnzake. Masewero amenewa, omwe ambiri amangowatchula kuti magemu, savuta kuwamvetsa chifukwa zigoli zimaoneka, ndipo mpikisano ukatha aliyense amadziwa yemwe wapambana.

Pali mtundu winanso wa magemu womwe ukulowa m'makomo mwakachetechete kudzera pa mafoni ndi makompyuta. M'magemu amenewa wosewera akhoza kutha ola lathunthu osamenyana ndi mdani aliyense, akungokumba miyala, kusenda zikopa za nyama, kuthyola zitsamba ndi kuyenda mtunda wautali kufunafuna mmisiri wosula zitsulo. Woonera pambali amaona ngati n'kutaya nthawi. Komatu kwa makampani opanga magemu apa ndiye pagona nkhani, pakuti ndondomeko yosulira zida ndiyo imagamula chomwe wosewera alipire kuti apite patsogolo: nzeru, nthawi kapena ndalama.

Magemu a nthano

Magemuwa, omwe pa Chingerezi amatchedwa action RPG, amaika wosewera m'dziko lopeka la mafumu, mfiti, ziphona ndi zinjoka zolavula moto. Wosewera amayendetsa ngwazi imodzi yomwe imayamba ili yofooka, yovala sanza, ndipo imakula mphamvu pang'onopang'ono. Nkhondo zake zimafuna changu cha zala, koma kupambana kumadaliranso lupanga, uta, chishango, chovala chankhondo ndi mankhwala omwe ngwaziyo yanyamula.

Ena mwa magemu otchuka a mtunduwu ndi Diablo II wa kampani ya Blizzard ya ku America, yemwe adatuluka m'chaka cha 2000. Monster Hunter wa kampani ya Capcom ya ku Japan, wa mu 2004. Skyrim wa Bethesda, wa mu 2011. The Witcher 3 wa CD Projekt Red ya ku Poland, wa mu 2015. Komanso Elden Ring wa FromSoftware, wa mu 2022. M'magemu onsewa muli njira yoti wosewera adzipangire kapena kukonzetsa zida zake kuchokera ku zinthu zomwe watolera. Njirayi pa Chingerezi imatchedwa crafting.

Zipangizo, ndondomeko ndi chipala

Ngakhale magemu amasiyana, kusula kulikonse kumafuna zinthu zitatu. Choyamba ndi zipangizo, monga miyala ya chitsulo, zikopa, mafupa ndi mizu. Chachiwiri ndi ndondomeko, yomwe imanena kuti chida chakuti chimafuna zipangizo zingati komanso zamtundu wanji. Chachitatu ndi malo ogwirira ntchitoyo, kaya ndi ng'anjo, chipala kapena mphika.

Mu Skyrim zonsezi zimaoneka bwino. Wosewera amalowa mumgodi ndi piki n'kukumba mwala wa chitsulo. Akauponya m'ng'anjo umatuluka ngati mpukutu umodzi wa chitsulo. Akapha nyama amafufuta chikopa chake, ndipo chikopa chimodzi chimatulutsa zingwe 4. Pachipala, mpukutu umodzi ndi chingwe chimodzi zimapanga mpeni. Mpeniwo akhoza kuunola pamwala wonolera kuti uzicheka kwambiri. Chida chilichonse chomwe wasula chimakweza luso lake, lomwe limafika pa 100, ndipo yemwe wafika pamenepo ndiye angathe kusula chovala cha mamba ndi mafupa a chinjoka.

Kwa Mmalawi, ndondomekoyi si yachilendo. Makolo akale ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi pogwiritsa ntchito makala ndi mivukuto, n'kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Zotsalira za ng'anjo zoterezi zikuonekabe m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kudali likulu la ufumu wa Maravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza zida zambiri zachitsulo. Naye David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akuyenga ndi kusula chitsulo.

Lusoli silidathe. Ku Biwi, komwe kwadzaza magalaji ndi owotcherera zitsulo, chitsulo chakale sichitayidwa wamba. M'misika ya m'makwalala okhoma zidebe amasandutsa malata kukhala mbaula, ndowa ndi makheni othirira mbewu. Ana nawo amapinda mawaya n'kupanga galimoto zoseweretsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mmisiri weniweni amaphunzira ndi manja, amapsa ndi moto ndipo amadziwa chitsulo pochimenya, pomwe wosewera gemu amangodina batani. Gemu singaphunzitse munthu kusula khasu. Chomwe imanola ndi mutu: kuwerengera zomwe zilipo, kusunga zosowa ndi kusankha chida choyenera kuyambira.

N'chifukwa chiyani opanga magemu amaikamo kusula?

Chifukwa choyamba n'chakuti kusula kumapatsa ntchito chilichonse chomwe chili m'dziko la gemuyo. Mu Monster Hunter, ngwazi siwonjezera mphamvu pongopha zilombo. Mphamvu zake zimachokera m'zida zomwe wavala. Mlenje akagonjetsa chilombo chouluka chotchedwa Rathalos amasenda mamba ndi zikhadabo zake n'kupita nazo kwa wosula, yemwe amamupangira chovala cholimba ku moto. Chovalacho chimamuthandiza kulimbana ndi chilombo china choopsa kuposa choyamba, chomwenso chimapereka zipangizo za chida chotsatira. Motero ulenje uliwonse umakhala ndi cholinga.

Chachiwiri, kusula kumaletsa wosewera kudumpha makwerero. Mu Elden Ring, chida wamba chimakwezedwa mpaka maulendo 25, pomwe zida zapadera zimalekera pa 10. Miyala yokwezera ili m'magulumagulu, ndipo yapamwamba idabisidwa m'madera oopsa omwe wongoyamba kumene sangafikeko ali moyo. Mu The Witcher 3, kukhala ndi zipangizo sikokwanira. Wosewera ayenera kupeza chojambula cha chidacho, kenako mmisiri yemwe luso lake likufika pamenepo, pakuti wosula wa m'mudzi sangapange chovala chomwe chimafuna katswiri. Akatswiriwo, monga Hattori wosula malupanga mumzinda wa Novigrad, amayamba kuthandiza wosewera pokhapokha iye atawagwirira kaye ntchito.

Chachitatu chikukhudza chuma. M'gemu katundu amangochuluka, chifukwa mdani aliyense wophedwa amasiya kanthu. Zinthu zikachulukitsa mtengo wake umagwa, monga zimakhalira ndi tomato pamsika nyengo yokolola. Kusula kumameza zochulukazo. Mu Diablo II muli kabokosi kotchedwa Horadric Cube, momwe miyala yamtengo wapatali 3 yofanana imasanduka mwala umodzi wa gulu lapamwamba. Magulu alipo 5, kutanthauza kuti mwala umodzi wa gulu lomaliza umadya miyala 81 ya gulu loyamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo: kamwala komwe wosewera akadakasiya pansi kamakhala koyenera kutola.

Chachinayi ndi chisangalalo cha kuyesa. Mu The Legend of Zelda: Breath of the Wild, yemwe kampani ya Nintendo idatulutsa mu 2017, wosewera amaponya mumphika zinthu zosaposa 5 popanda womuuza zotsatira zake. Akaphika nyama ndi tsabola, chakudyacho chimamuteteza ku chisanu cha m'mapiri. Akasakaniza zosayenerana amapeza chakudya chosadyeka bwino. Gemu yotsatira, Tears of the Kingdom ya mu 2023, idalola wosewera kumata mwala kunsonga kwa ndodo n'kupanga nyundo, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi nzeru za mwana wa ku Chinsapo yemwe amapanga mpira ndi majumbo.

Ndondomeko ikapotoka

Kulinganiza zonsezi n'kovuta, ndipo ngakhale makampani akuluakulu amaphonya. Skyrim atangotuluka, osewera adazindikira kuti mpeni wachitsulo wotchipa unkakweza luso mofanana ndi chida chodula. Ambiri adayamba kusula mipeni mazanamazana yomwe sankaifuna, pongofuna kufika pa 100 msanga. Mu 2012 kampani ya Bethesda idasintha lamulolo kuti luso lizikwera molingana ndi mtengo wa chida chomwe chasulidwa.

Phunziro lalikulu lidachokera ku Diablo III, yemwe adatuluka mu 2012 ali ndi msika wa pa intaneti pomwe osewera ankagulitsana zida ndi ndalama zenizeni. Zotsatira zake zidali zakuti njira yachidule yopezera lupanga labwino idakhala kugula. Kupha zilombo ndi kusula, zomwe ndi mtima wa gemuyo, zidatha ntchito. Mu March 2014 kampani ya Blizzard idatseka msikawo itavomereza kuti unkaononga gemuyo. Apa padaoneka kuti ndalama zikalowa pachipala, luso ndi khama zimatsika mtengo.

Mwayi ukalowapo

M'magemu ambiri zotsatira za kusula sizidziwika mpaka ntchito itatha. Mu Monster Hunter, zipangizo zina za chilombo zimapezeka mwa apo ndi apo, moti mlenje akhoza kupha chilombo chomwecho kambirimbiri osapeza chomwe akufuna. Mu Path of Exile, gemu ya kampani ya Grinding Gear Games ya ku New Zealand yomwe idatuluka mu 2013, osewera amasinthana katundu pogwiritsa ntchito timiyala tomwenso ndi zipangizo zosulira. Kamwala kotchedwa Chaos Orb kamafufuta mphamvu za chida n'kuikapo zina mwachisawawa. Chidacho chikhoza kukhala chabwino koposa kapena kusanduka chachabe, ndipo kamwalako sikabwerera.

Masamu a mwayi amanyenga anthu ambiri. Ngati mwayi wopeza chinthu ndi 2 pa 100, ambiri amaganiza kuti akayesa maulendo 50 achipeza ndithu. Zoona zake n'zakuti mwa osewera 100 omwe ayesa maulendo 50 aliyense, pafupifupi 36 amakhalabe chimanjamanja. Ulendo uliwonse umayambira pachiyambi, ndipo makina sakumbukira kuti munthu walephera kangati, pokhapokha opanga gemuyo ataikamo lamulo lotero.

Mphotho yobwera mosayembekezereka imakoka mtima kuposa yodziwikiratu, ndipo n'chifukwa chake munthu amati ayesenso kamodzi kokha mpaka kunja kucha. Malinga ngati choyesera ndi nthawi ya m'gemu, wosewera amangotaya tulo. Zimasintha pamene kuyesako kwayamba kugulitsidwa.

Khomo lolowera ku Lilongwe ndi foni

Magemu a nthano sagwirizana ndi momwe tizipinda ta PlayStation timayendera. Mwini malo amapeza phindu anthu akamasinthana msanga, pomwe gemu ngati The Witcher 3 imafuna maola makumimakumi, ndipo wosewera ayenera kusunga pomwe walekezera kuti adzapitirize mawa. Kuzimazima kwa magetsi nako kumavuta, chifukwa ntchito yomwe sidasungidwe imatayika. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno zomwe zinkaunikira magetsi. Mtengo wa makina ndi magemu, omwe amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, udakweranso kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Kaamba ka zimenezi, wachinyamata wa ku Area 25 kapena ku Mgona amakumana ndi magemu a mtunduwu makamaka pafoni, pomwe ambiri amapezeka mwaulere. Vuto n'lakuti gemu yaulere iyenerabe kubweretsa ndalama kwa eni ake, ndipo malo omwe ambiri amatolera ndalamazo ndi pachipala pomwe.

Chitsanzo ndi Genshin Impact, gemu yomwe kampani ya miHoYo ya ku China idatulutsa mu September 2020. Ndi gemu yokongola, yokhala ndi dziko lalikulu, ndipo muli wosula yemwe amalandira miyala n'kupanga zida. Koma zida za wosulayo zimalekera pa gulu la nyenyezi 4. Za nyenyezi 5, zomwe ndi zamphamvu kuposa zonse, zimapezeka pochita maere. Pa maere a zida, mwayi woyambira ndi 7 pa 1,000, ngakhale gemuyo imalonjeza chida cha gululo pofika ulendo wa 80, chomwenso chikhoza kukhala chosiyana ndi chomwe munthu amafuna. Ulendo umodzi umadya timiyala 160 totchedwa Primogem. Timiyalati timapezeka pang'onopang'ono posewera, ndipo anthu ambiri amasewera osalipira kalikonse. Wosapirira amagula, ndipo phukusi la madola pafupifupi 100 a ku America limakwanira maulendo pafupifupi 50 okha.

Nthawi nayo ili pamalonda. Kuti wosewera atenge zipangizo zokwezera zida ayenera kulipira ndi mphamvu yotchedwa resin, yomwe imabwerera imodzi pa mphindi 8 zilizonse. Ulendo umodzi wofuna resin 20 ndi wofanana ndi kudikira maola 2 ndi mphindi 40. Yemwe sakufuna kudikira amagwiritsa ntchito timiyala tomwe tija. Apa opanga gemu aika dala chotchinga panjira n'kumagulitsa chochotsera chotchingacho. Kuwonjezera apo, gemuyi imadya malo aakulu mufoni ndipo siseweredwa popanda intaneti, choncho bandulo nayo imalowa m'gulu la zolipira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zomwe maiko ena achita

Maboma ena adaona kale kuti maere a m'magemu ayandikana kwambiri ndi juga. Kuyambira mu 2017 dziko la China limalamula makampani kulengeza poyera mwayi wopezera chinthu chilichonse pa maere. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium lidagamula kuti mabokosi a maere ogulidwa ndi ndalama zenizeni ndi juga, ndipo pomwe Diablo Immortal, gemu yaulere ya pafoni, inkatuluka mu 2022, sidatulutsidwe ku Belgium ndi ku Netherlands. Mu January 2025 kampani ya Cognosphere, yomwe imafalitsa Genshin Impact kunja kwa China, idavomera kulipira madola 20 miliyoni ku America bungwe loteteza ogula la Federal Trade Commission litaidandaulira kuti sinkafotokoza bwino mtengo weniweni wa maere. Idavomeranso kuletsa ana osakwana zaka 16 kugula maerewo popanda chilolezo cha makolo.

Kuno kumudzi, masewero a juga amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Mwana akalowa m'shopu ya kubetcha anthu amamuona ndipo akhoza kumubweza. Maere a m'gemu amachitikira pafoni, m'chipinda chogona, atavala nkhope ya masewero a ana. Pali kusiyananso kwina: wobetcha pa mpira nthawi zina amabweza ndalama zake, pomwe ndalama yolowa m'maere a gemu sibwerera. Chomwe munthu amapeza ndi chithunzi cha lupanga chomwe chimakhala pa makina a kampani, ndipo tsiku lomwe kampaniyo idzatseke gemuyo, lupangalo lidzapita nayo.

Mafunso atatu osiyanitsira

Kholo kapena wosewera safunika kudziwa maina onse a magemu kuti azindikire mtundu wa chipala chomwe chili patsogolo pake. Funso loyamba ndi lakuti: kodi ndondomeko ikunena poyera chomwe chituluke? Ngati mpukutu ndi chingwe zimapanga mpeni nthawi zonse, wosewera akhoza kukonza dongosolo n'kulitsatira. Ngati chotuluka chikudalira maere, ndi bwino kufufuza chiwerengero cha mwayiwo asanayambe.

Lachiwiri ndi lakuti: kodi chida chapamwamba kwambiri chingapezeke posewera pokha? Mu Skyrim, The Witcher 3 ndi Elden Ring, munthu akagula gemu, zida zake zimapezeka ndi khama, ndipo mulibe maere ogulidwa ndi ndalama. M'magemu ambiri aulere wosula amaikiridwa malire, ndipo zabwino kwambiri zimasungidwa kuseri kwa malipiro.

Lachitatu ndi lakuti: kodi gemu ikuimitsa wosewera n'kumugulitsa njira yodumphira? Wotchi yowerengera maola, katundu yemwe akuti atha mawa, ndi ndalama zamitundumitundu za m'gemu zomwe zimabisa mtengo weniweni m'makwacha, zonsezi ndi zizindikiro zoti gemuyo ikufuna thumba kuposa luso.

Mayankho a mafunsowa amathandiza banja kusankha chochita. Mafoni a Android ndi a iPhone ali ndi njira yoletsera kugula zinthu m'gemu popanda nambala yachinsinsi, ndipo kholo lomwe limabwereketsa foni yolumikizidwa ku banki, ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba liyenera kusunga nambalayo palokha. Kulanda foni kokha sikuphunzitsa mwana kanthu. Kukhala naye pansi n'kumufunsa kuti lupanga lomwe akufunalo limadya zipangizo zingati, nthawi yochuluka bwanji komanso makwacha angati, kumaonetsa msanga ngati akusewera gemu yomwe imamulipira chifukwa choganiza ndi kupirira, kapena yomwe ikumuzoloweza kuponya ndalama poyembekezera mwayi. Mwana yemwe angathe kufotokoza chifukwa chomwe miyala 81 imapangira mwala umodzi waphunzira masamu. Yemwe akungoti ulendo wotsatira zitheka wayamba kale kulankhula chinenero cha juga.